Pulogalamu Yosadziwa Kunena Ameni

Bambo anga ankadziwika ndi mapemphero ataliatali. Kutchalitchi kwathu kwa Abaputisti, abusa akangoti adikoni atitsekere ndi pemphero, amayi a ana ankayamba kukonza pokhala podziwa kuti ulendo ulipo. Ankayambira kwa odwala a m'mudzi, n'kudutsa kwa mafumu, mvula, ana asukulu, apaulendo, mpaka mbuzi za eni zimene zagwidwa ndi chigodola. Mukamati tsopano afika, ankapuma pang'ono, n'kuyambanso ndi mawu awo aja akuti "komanso Ambuye". Kunyumba zinali chimodzimodzi. Amayi ankati mwamuna wawoyu, mkamwini wochokera ku Mbombwe, anabwera ndi zonse kupatula ameni. Ife ana tinkatsegula diso limodzi kuyang'ana ndiwo zikuzizira. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikakumbuka pulogalamu yoyamba imene ndinalemba pa kompyuta, amayamba kundibwerera m'mutu ndi iwowo.

Nditamaliza Fomu 4 ndinakhoza ndithu, koma osati mokwanira kupita ku yunivesite. Masamu okha ndiwo ndinawagwira pakhosi. Ndinakhala pakhomo chaka chathunthu, kutunga madzi, kupalira, kumvera wayilesi, mtima uli kwina. Kenako ndinamva kuti pa Namadzi, kuseri kwa sitolo ina yogulitsa mafoni ndi kuchita fotokope, mwatsegulidwa kasukulu ka makompyuta. Mwini wake anali bambo wachisilamu, wa banja la amalonda akalekale a pamenepo. Anaphunzira ku Blantyre, n'kubwerera kwawo kudzayang'anira sitolo makolo awo atakalamba. Ambiri amene ankapita kumeneko ankafuna kuphunzira kutayipa basi, koma iwo ankasankhapo ochepa okonda masamu n'kuwaphunzitsa kulemba mapulogalamu. Ndikuganiza kuti ankachita zimenezi pofuna kudzisangalatsa okha, chifukwa phindu lake silinkaoneka.

Bambo anga anali ndi maganizo ena pa ine. Anali atamanga kale khola kuseri kwa nyumba, lomata bwino, loti ndiziwetamo nkhuku zakuda zija za ku Mikolongwe. Sankandifunira zoipa ayi. Ankati nkhuku umaiona, dzira umaligwira, koma za makompyutazi iwo anangomva kuti anyamata amaseweramo makadi ndi kuonera mafilimu. Tinakokanakokana mpaka amayi analowererapo. Pomaliza anavomera kuti ndipite mpaka nandolo atauma. Akadzapita kukagulitsa nandoloyo pa Namadzi adzalowa m'kasukuluko kudzaona ndi maso awo chimene ndikuchita. Chikakhala chomveka ndidzapitiriza. Chikakhala chibwana ndidzabwerera kukhola, ndipo nkhaniyo isadzatchulidwenso. Bambo anga sankabweza mawu, choncho ndinkadziwa kuti tsiku limenelo ndilo lidzagamule zonse.

Chipinda chathu chinali chaching'ono, chofolera malata, chotentha masana. Munali mabenchi, bolodi losweka pakona, ndi makompyuta akale angapo amene aphunzitsi athu, eni sitolo aja, anawagula kwa anthu otaya katundu wa m'maofesi. Mwa onsewo, imodzi yokha ndiyo inkayaka mokhulupirika. Ina inkangolira, ina inkanunkha ngati waya wopsa. Ndiye panali nkhani ya magetsi. Zaka zimenezo ankazima m'mawa n'kubwera pamene afunira, ndipo akabwera, oyamba kukhala pa kompyuta anali a zotayipa, poti ndiwo anali ambiri. Ife a mapulogalamu tinkatha sabata yonse osagwira kiyibodi.

Aphunzitsi sanagwe nazo ulesi. Anatipezera njira yawoyawo imene mpaka lero ndimaikumbuka ndikumwetulira. Pulogalamu tinkailemba papepala, mzere ndi mzere, uliwonse ndi nambala yake. Tikamaliza, ankafunsa kuti kompyuta wa lero ndani. Mmodzi wa ife ankaimirira pa bolodi, choko kudzanja ili, kakyuleta kudzanja linali, ndipo mwini pulogalamu ankawerenga malangizo ake mokweza. Wa pa bolodiyo ankayenera kuchita zokhazo zimene wauzidwa, osafunsa, osathandiza. Ukaiwala kumuuza kuti alembe yankho, ankangoima n'kumakuyang'ana, anzako akufa ndi phwete. Tinkaphunzira zambiri mwanjira imeneyi, mwinanso kuposa amene anali ndi makina aliyense ake.

Kompyuta wanga wa nthawi zonse anali mnzanga wina, mwana wa mlongo wawo wa aphunzitsi. Anali mtsikana wamfupi, wovala mpango wake mwaudongo, wa pakamwa pakuthwa, wachangu pa kakyuleta kuposa tonse. Ankandiitana kuti achemwali a nkhuku, poti ndinalakwitsa kumuuza za khola lija. Masana tinkagawana chinangwa chokazinga cha pamsika titakhala pakhonde la sitolo, tikuonera maminibasi a ku Zomba akulimbirana anthu. Sindinakhalenso ndi mnzanga wondiseka ngati iyeyo popanda ine kukwiya.

Nandolo atayamba kufiira m'minda, aphunzitsi anatipatsa ntchito imene anati ndiyo yoyesera ngati munthu wamvadi. Anajambula ngodya pa bolodi n'kutifunsa ngati tikukumbuka sayini, ija tinkaiwerenga m'masamu a kusekondale pofuna kupeza kutalika kwa mtengo kapena kupendekeka kwa denga. Tonse tinati inde, umangodina batani pa kakyuleta. Anatifunsa kuti nanga kakyuletayo imalitenga kuti yankho, poti mulibe munthu mkati mwake. Ine ndinali ndisanaganizepo n'komwe kuti funso lotere lingafunsidwe, ndipo linandisowetsa mtendere ulendo wonse wobwerera kunyumba.

Mawa lake anatiululira. Umatenga ngodya ija n'kuisintha kuchoka m'madigiri kupita m'muyeso wina wotchedwa maradiyani. Nambala imene watulutsayo ndiyo poyambira. Kenako umachotsapo kachidutswa, n'kuwonjezerapo kena kocheperapo, n'kuchotsanso kena kochepa kwambiri, ndipo kachidutswa kalikonse kamapangidwa kuchokera ku kapitako pochulukitsa ndi kugawa. Zili ngati mayi woyeza nandolo pa sikelo: athira, atapako, abwezerako pang'ono, mpaka muvi uima pamene akufuna. Ukabwereza kangapo, yankho limayandikira sayini weniweni moti kusiyana kwake sikuonekanso. Ananenanso kuti mndandanda wa tizidutswa timeneti ulibe mapeto, umangopitirira. Tonse tinalemba mawu amenewo m'makope, n'kuwaiwala pomwepo.

Ndinaikonda ntchito imeneyi mopitirira muyeso. Ndinkailemba pamphasa, pa mtondo wogadabuza, ngakhale m'mphepete mwa pepala la nyimbo kutchalitchi. Pulogalamu yanga inali yaifupi: funsa ngodya, isinthe, werengera kachidutswa, phatikiza, lemba zimene wapeza, bwerera ku mzere wa kachidutswa. Pa bolodi inkayenda bwino kwabasi. Ndinkawerenga, mnzanga uja n'kumadina kakyuleta ndi kulemba. Ulendo woyamba nambala inkapitirira pang'ono, wachiwiri inkaperewera pang'ono, wachitatu inkangotsala pang'onong'ono. Akaona kuti manambala asiya kusintha, ankaika choko pansi, n'kudzipukuta m'manja, n'kunena kuti, "Basi, zakwana." Tinkayerekeza ndi yankho la kakyuleta, n'kupeza zofanana, n'kuomba m'manja. Aphunzitsi ankasuzumira kuchokera kusitolo, kasitomala akuwadikira, n'kuyang'ana yankho lomaliza pa bolodi, n'kugwedeza mutu. Tinayesa ngodya zosiyanasiyana, ndipo zonse zinkatha ndi basi wa mnzangayo. Pa kompyuta yeniyeni sindinaiyese, chifukwa nthawi yanga iliyonse ikakwana magetsi ankakhala atapita.

Bambo anabwera Lachisanu, osandichenjeza. Anamangirira matumba a nandolo panjinga m'mamawa ine nditanyamuka kale, ndipo chakumasana ndinangowaona ali pakhomo la kasukulu kathu, atavala jekete lawo la kutchalitchi pamwamba pa malaya a kumunda, nsapato zili fumbi lokhalokha. Aphunzitsi anali atangopita kumzikiti, atasiyira mnzanga uja makiyi. A zotayipa anali atabalalika poti magetsi kunalibe chiyambire m'mawa. Ndinawalonjera, n'kuwapatsa benchi. Ndinkakonzeka kuwaonetsa za pa bolodi, ngakhale ndinkadziwa kuti adzati anaona kale choko ndi bolodi kusukulu yaulere. Tili pomwepo, firiji ya m'sitolo yoyandikana nayo inalira, ndipo ana panja anakuwa kuti magetsi abwera.

Ndinathamangira pa kompyuta ija. Inatenga nthawi yake kuyaka, monga mwa masiku onse. Ndinatayipa pulogalamu yanga ndi zala ziwiri, mnzanga akundiwerengera papepala, bambo atakhala tsonga, chipewa chili pabondo. Ndinawafotokozera kuti ndaphunzitsa makinawa kupeza okha nambala imene amisiri amagwiritsa ntchito poyeza kupendekeka kwa zinthu, ndipo kuti pa madigiri 30 yankho liyenera kukhala theka. Anati amva. Ndinalemba 30, n'kudina batani.

Manambala anatuluka monga ankatulukira pa bolodi. Loyamba linapitirira theka, lachiwiri linaperewera, lachitatu linayandikira, kenako 0.500000. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Koma pansi pake panatulukanso 0.500000, ndi linanso, ndi linanso, mofulumira moti sikirini yonse inadzaza n'kuyamba kuthamangira m'mwamba. Ndinadikira kuti iima. Sinaime. Ndinadina batani lina, kenako lina, kenako angapo nthawi imodzi, koma inkangopitirira. Bambo anaweramira kutsogolo n'kumayang'ana modekha, ngati mmene anthu a kutchalitchi ankawadikirira iwowo. Patapita nthawi anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi ikamaliza itiuza?"

Ndinali ndi manyazi ndi mantha pamodzi, ndipo m'mutu mwanga munkangooneka khola lija ndi chitseko chake chatsopano. Mnzanga uja, amene sankasowa chonena, anaimirira kumbuyo kwanga atagwira m'chiuno. Kaya anachita dala kaya ndi chizolowezi, anayang'ana sikiriniyo n'kuiuza ndi mawu ake a pa bolodi aja kuti, "Basi, zakwana." Kompyuta sinamumvere.

Apo m'pamene ndinazindikira. Ndinatola pepala langa n'kuliwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, kufunafuna mzere umene unali ndi basi. Panalibe. Mzere womaliza unkati bwerera, ndipo makinawo ankabwerera mokhulupirika. Masabata onsewo amene ankaimitsa pulogalamu yanga anali mnzangayo, ndi maso ake ndi kutopa kwake, ndipo tonse m'kalasimo, ngakhale aphunzitsi, tinali titazolowera kwambiri moti palibe anaona kuti mawuwo sanalembedwe paliponse. Kompyuta wa pa bolodi anali ndi nzeru zimene sitinamupemphe. Iyi inalibe.

Aphunzitsi anali atatiuzapo mabatani oimitsira pulogalamu yothawa, koma tonse awiri tinali titawaiwala, poti pa bolodi sankafunika. Chotsala chinali kuzimitsa pakhoma, chinthu chimene iwo ankaletsa koposa zonse. Mnzangayo anati amalume ake akakalipa amukalipire iyeyo, n'kuzimitsa. Sikirini inada. Zonse zimene ndinatayipa zinapita, poti m'changu chija sindinasunge. Bambo anaona mdimawo, anapuma mozama, n'kuimirira. Anavala chipewa n'kunena kuti njinga anaisiya kwa munthu pamsika, ndipo dzuwa likupendeka. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa kwambiri.

"Ababa, dikirani pang'ono chabe," ndinatero. "Ndaona pamene ndalakwitsa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavulanso chipewa chija n'kukhala pansi.

"Inu mwakhala mukundidikira zaka zonsezi," anatero. "Lero ndidikireko ine."

Sindinadziwe kuti ankadziwa zoti mapemphero awo amatitalikira. Tinayatsanso, n'kudikira kuti idzuke, ine ndikupemphera chamumtima kuti magetsi asatichite chipongwe. Ndinatayipanso zonse, koma pamwamba pa mzere wobwerera uja ndinaikapo wina watsopano: ngati kachidutswa kachepa kwambiri moti sikangasinthenso yankho, lemba yankho, ima. Ndinachotsanso lamulo lolemba ulendo uliwonse, kuti ilankhule kamodzi kokha. Ndinasunga kaye ulendo uno. Ndinalemba 30 n'kudina. Panatuluka mzere umodzi, 0.500000, ndipo pansi pake kachizindikiro kanangophethira, kudikira.

Mnzanga anawapatsa bambo kakyuleta n'kuwasonyeza podina, kuti adzionere okha kuti yankho ndi lomwelo. Anapempha kuti tiyese nambala ina yosankha iwo, kuopa kuti tinapangana ndi makinawo. Anasankha zaka zawo. Zinafanananso. Kenako anafunsa kuti ndawonjezeramo chiyani kuti isinthe khalidwe chonchi. Ndinawauza kuti poyamba paja ndinaiphunzitsa ntchito yonse koma sindinaiuze posiyira, ndiye inkangobwereza zomwezo ngakhale yankho italipeza kalekale.

Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Bambo anga sankaseka pagulu, koma tsiku limenelo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa.

"Ndiye kuti yoyamba ija inatengera ine," anatero. "Usakawauze amako."

Aphunzitsi atabwera tinawaululira za kuzimitsa pakhoma. Anayamba kukwinya nkhope, koma atamva nkhani yonse anagwira pakamwa, n'kuvomera kuti nawonso pepalalo analiona kangapo osazindikira kanthu. Kuyambira tsiku limenelo anakhazikitsa lamulo loti kompyuta wa pa bolodi asamaime yekha, ndipo mnyamata wina amene anaiwala mzere woimitsira anachititsa mnzake kulemba mpaka choko chinatha. Bambo anatuluka nawo panja n'kukambirana nthawi ndithu pakhonde la sitolo. Sindinamve zimene ananena, ndinangoona akugwirana chanza ndi manja awiri.

Pobwerera anandikweza pa kaliyala, pamene m'mawa panali nandolo. Njira yonse sanatchule za sukulu. Ankangonena za mtengo woipa wa chaka chimenecho ndi za mlatho umene unkafunika kukonza mvula isanagwe. Ine ndinkaopa kufunsa. Titayandikira kwathu, pamtunda pamene tinkatsika n'kumakankha njinga, ananena osandiyang'ana kuti nkhuku zija aziweta iwo ndi amayi, poti khola silingakhale lopanda kanthu, ndipo ine Lolemba ndilawire, ndisamachedwe kusukulu ya eni.

Madzulo amenewo pemphero la pachakudya linali lalitali kuposa onse amene ndimawakumbuka. Anapempherera aphunzitsi anga ndi banja lawo lonse, mtsikana wa pakamwa uja, anthu ogwira ntchito za magetsi kuti Ambuye awafewetse mitima, ngakhalenso kompyuta yokalamba ija kuti isafe ana asanamalize maphunziro. Azing'ono anga ankandigunda ndi chigongono. Ine tsiku limenelo sindinatsegule diso. Za nthabwala ija amayi anaimva usiku womwewo, kwa eni ake amene anandiletsa, ndipo anaigwiritsa ntchito zaka zonse zotsatira. Pemphero likatalika ankanong'oneza kuti wina akazimitse pakhoma.

Ndinapitiriza pa Namadzi, kenako ndinapeza malo ku koleji ina ku Blantyre, ndipo lero ndimadya za mapulogalamu. Kasukulu kaja kanatsekedwa, m'chipindamo tsopano amasungiramo matumba a feteleza. Mnzanga uja anakwatiwa ku Mangochi, ndipo akandiimbira foni amayambabe ndi kufunsa za nkhuku. Makina amene ndimagwiritsa ntchito pano amapeza sayini popanda ine kuganiza n'komwe. Komabe ndikamalemba chilichonse chobwerezabwereza, ndimayamba ndi mzere woimitsira, ena onse pambuyo. Anzanga a kuofesi amati ndi ukatswiri, ine sindiwatsutsa.

Bambo anadwala zaka zingapo zapitazo, ndipo tinawagoneka ku chipatala cha mishoni ku Nguludi. Ndinapempha tchuthi n'kukwera minibasi. Ndinawapeza atawonda, koma anandizindikira, n'kuuza wodwala wa bedi loyandikana nalo kuti uyu ndi mwana wanga wa makompyuta, amene ndinatsala pang'ono kumutsekera m'khola. Nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha, anati tipemphere. Tinazungulira bedi, amayi, azing'ono anga ndi ine, aliyense akukonza poimirira monga mwa chizolowezi. Anathokoza Mulungu chifukwa cha ife, n'kupempha kuti atisunge. Anapuma pang'ono. Kenako anati ameni.

Palibe anatsegula maso. Tonse tinaima pomwepo, mitu ili pansi, kudikira "komanso Ambuye". Ine ndikanalola kuima mpaka dzuwa kulowa, ndikanalola mbuzi zonse za m'mudzi zitchulidwe imodziimodzi. Namwino anabwera kudzatiuza kuti nthawi yatha, ndipo amayi anali asanatsegulebe maso.